Tayi sateteza kolera: ukhondo wa pantchito uyambire m'manja

Abale ndi alongo a ku Chidzolomondo, Furancungo, Tsangano ndi Ntengo-wa-Mbalame, lero pa tsamba lino tikambirane nkhani imene ambiri amaikamba monong'ona, nkhani ya maonekedwe ndi ukhondo wa munthu pa malo a ntchito. Kwathu kuno munthu akamafuna ntchito ku ofesi, ku lozha, ku baraka yophikira zakudya, ngakhale ganyu wa m'munda wa fodya, asanatsegule n'komwe pakamwa amakhala atayezedwa kale ndi maso. Amamuona nsapato ngati zapolishidwa, malaya ngati asitidwa, khungu ngati ndi loyera, thupi ngati ndi lonenepa. Koma kodi ndi mabwana angati amene amafunsa ngati munthuyo amasamba m'manja akachoka kuchimbudzi? Nanga ndi angati amene anaika madzi ndi sopo pamene antchito awo amagwirira ntchito? Maganizo anga ndi akuti tasokoneza zinthu ziwiri, kutchena ndi ukhondo, ndipo chisokonezo chimenechi chikumanitsa ntchito anthu osalakwa, kwinaku chikutsegulira khomo matenda amene amapha.

Khalidwe loyeza munthu ndi zovala silinayambe lero. Akuluakulu amene anaona ulamuliro wa Apwitikizi akukumbukira kuti anthu akuda anagawidwa pawiri. Ochuluka ankatchedwa indígena ndipo ankatengedwa kukagwira chibalo. Ochepa kwambiri ankalandira chikalata cha assimilado, atasonyeza kuti amalankhula ndi kulemba Chipwitikizi, ali ndi mkazi mmodzi, ali ndi ntchito yodziwika ndiponso asiya miyambo ya makolo n'kutengera kakhalidwe ka mzungu. Jekete ndi nsapato zinali ngati chiphaso cholowera m'maofesi, ndipo amene analibe ankaima panja. Lamulo la tsankho limeneli linathetsedwa mu 1961 ndipo ufulu tinaulandira mu 1975, koma maganizo aja akuti wovala ngati mzungu ndiye munthu, sanachoke m'mitu mwathu. Mpaka lero mlimi wovala nkhwaira akalowa mu ofesi amayamba ndi kupepesa, ngati kuti walakwa kubwera m'nyumba imene inamangidwa chifukwa cha iye.

Phunziro lina tinalitenga kutsidya. Pa nthawi ya nkhondo ya zaka 16, imene inatha ndi pangano la mtendere la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu oposa miliyoni imodzi a dziko lino anathawira ku Malawi, ndipo ambiri a ife a m'malire tinakhala ku Ntcheu ndi ku Dedza. Kumeneko tinapeza lamulo la kavalidwe limene boma la Kamuzu Banda linakhazikitsa mu 1973, loletsa amayi kuvala buluku ndi siketi zofupika, ndipo amuna nawo sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Lamulolo linachotsedwa ndale za chipani chimodzi zikutha, koma mu Januwale 2012 anyamata ena ogulitsa malonda m'misewu ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre anavula amayi ovala mabuluku pagulu, mpaka amayi anachita msonkhano waukulu wodandaula mu mzinda wa Blantyre. Ndipo mu Meyi 2023 khoti lalikulu ku Zomba linachita kulamula kuti ana a Chirasta aziloledwa m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo lopota. Taonani mphamvu zimene anthu amataya polondera siketi ndi tsitsi la anzawo. Mphamvu zomwezo zikanapita pa zitsime ndi zimbudzi, bwenzi maliro ambiri titawapewa.

Tikachoka pa zovala timafika pa thupi lenilenilo. Kwathu mimba yaikulu timati ndi ya bwana, ndipo mayi wonenepa timati akusungidwa bwino. Munthu wochepa thupi ndiye amaona zakuda. M'zaka za m'ma 1990, Edzi itafala ndipo mankhwala otalikitsa moyo asanafike m'zipatala zathu, aliyense woonda ankalozedwa chala kuti ali ndi kaliwondewonde. Anthu ankasiya kugula mandasi ake, anzake pa ntchito ankapewa kapu imene wamwera, ndipo ena anachotsedwa ntchito popanda mlandu. Boma linaona vutoli ndipo pa 5 Febuluwale 2002 linatulutsa lamulo nambala 5/2002 loletsa kusala wantchito kapena wofuna ntchito chifukwa cha kachilombo ka HIV, ndiponso loletsa bwana kumukakamiza kukayezetsa magazi. Chitetezo chimenechi chinapitirizidwa mu lamulo nambala 19/2014. Kachilombo ka HIV sikafala pogawana kapu, khasu kapena mpando, ndipo maso sayeza magazi. Munthu akhoza kuonda chifukwa cha njala ya mwezi wa Febuluwale, njoka za m'mimba, chifuwa chachikulu chimene chimachizika, kapena chibadwa chabe. Wonenepa nayenso asadzitame msanga, pakuti matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi amakonda kubisala m'thupi lomwe anthu akuliyamikira.

Za khungu ndiye zomvetsa chisoni. Atsikana ena amauzidwa kuti kuseri kwa kauntala kumafunika nkhope yowala yokopa makasitomala, choncho ndalama yochepa imene apeza amakagulira mafuta oyeretsa khungu pa msika wa m'malire. Ambiri mwa mafuta amenewa amakhala ndi mankhwala aukali. Ena ali ndi hydroquinone, amene akadzoledwa nthawi yaitali amasiya zigamba zakuda zosachoka m'masaya. Ena ali ndi mekyule, amene amalowa m'magazi n'kuwononga impso, ndipo angathe kuvulaza mwana amene ali m'mimba. Dziko la South Africa linaletsa hydroquinone m'mafuta odzola mu 1990 litaona nkhope zambiri zitaonongeka. Khungu lakuda ndi chishango chimene tinabadwa nacho chotiteteza ku dzuwa la m'munda. Kulisenda pofuna kusangalatsa bwana ndi kugula matenda ndi ndalama zako zomwe. Pomwepo tisaiwale abale athu achialubino, amene amamanidwa ntchito chifukwa cha khungu lomwelo loyera. Chimene iwo amafuna ndi chipewa chachikulu, malaya a manja aatali ndi ntchito ya pamthunzi, ndipo nzeru ndi mphamvu ali nazo monga wina aliyense.

Makolo anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambi umenewu unaonekera poyera m'chipatala chachikulu cha mu mzinda wa Vienna, ku Ulaya, m'chaka cha 1847. M'chipatalamo munali zipinda ziwiri zochiriramo amayi. China chinali m'manja mwa azamba, china m'manja mwa madokotala ndi ophunzira udokotala, anthu olemekezeka ovala majekete abwino. Chodabwitsa n'chakuti amayi ankafa kwambiri kwa madokotala kuposa kwa azamba. Dokotala wina wa ku Hungary, Ignaz Semmelweis, anazindikira kuti madokotalawo ankachokera kong'amba mitembo n'kupita kukagwira amayi oyembekezera manja asanawayeretse bwino. Iye analamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi othira klorini asanagwire wodwala. Mu Epulo 1847, mwa amayi 100 alionse pafupifupi 18 ankamwalira m'chipinda chimenecho, koma pofika Juni chiwerengerocho chinatsika kufika pa awiri. Madokotala anzake ambiri anakwiya, poti sanafune kumva kuti manja a munthu wolemekezeka angakhale ndi litsiro. Jekete zawo zinali zabwino, koma manja awo ndiwo ankanyamula imfa.

Ife a m'malire sitifunika kupita ku Vienna kuti timvetse zimenezi. Kolera imene inayamba ku Malawi mu Malichi 2022 inagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, ndipo inali yoopsa kuposa ina iliyonse m'mbiri ya dzikolo. Kuno kwathu inayambira ku Niassa mu Seputembala 2022, n'kufalikira m'zigawo zina kuphatikizapo Tete, ndipo namondwe Freddy atawomba mu Febuluwale ndi Malichi 2023 inakula mpaka odwala anapitirira 30,000. Kolera imayenda njira imodzi yokha: imachoka m'chimbudzi cha munthu wodwala n'kulowa m'kamwa mwa munthu wina kudzera m'madzi, m'chakudya, pa ntchentche ndi m'manja. Pa chipata cha malire siionetsa pasipoti, ndipo siifunsa ngati munthu wavala tayi kapena sanza. Munthu wamphamvu akhoza kutsegula m'mimba m'mawa, pofika madzulo n'kukhala atatha madzi m'thupi.

Tsono tiyeni tiyang'ane malo amene ambiri a ife timagwirako ntchito, poti si tonse tili m'maofesi. Tiyambe ndi msika. Pa tsiku la msika ku Biri-Biri kapena pa msika wina uliwonse wa m'malire, anthu mazanamazana amasonkhana ndi matumba a kachewere, kabichi, tomato ndi nyemba. Pali owotcha tchipisi pa chiwaya, ogulitsa kanyenya, ophika nsima ndi amayi a thobwa. Dzanja lomwe lalandira ndalama ndi lomwelo likupatsira nyama. Mbale zonse zimatsukidwa m'beseni limodzi kuyambira m'mawa mpaka madzi atasanduka phala. Ogula nawo amasamba m'manja m'beseni limodzi motsatana, wamkulu poyamba, mwana pomalizira, ndipo womalizayo amasamba litsiro la anzake onse. Ulemu wa kwathu ndi wabwino, koma ungasungike bwino lomwe pothirirana madzi ndi kapu kapena jagi, kuti madzi ogwiritsa ntchito kale agwere pansi. Mayi wovala kapulana yakale koma yochapa, amene wadula zikhadabo, wamanga duku, wavundikira chakudya ndipo ali ndi sopo pambali, ndi waukhondo kuposa mnyamata wa malaya atsopano ndi mafuta onunkhira amene wachoka kuthengo n'kubwera kudzagwira nyama.

Malo achiwiri ndi munda wa fodya, umene umadyetsa mabanja ambiri ku Macanga ndipo umalemba aganyu ochokera mbali zonse ziwiri za malire. Ambiri sadziwa kuti tsamba laliwisi la fodya, makamaka likanyowa ndi mame kapena mvula, limatulutsa nikotini amene amalowa m'thupi kudzera pakhungu. Wothyola fodya amakumbatira masamba m'khwapa, malaya n'kunyowa, ndipo madzulo amamva chizungulire, mutu, nseru ndi kusanza. Ena amati ndi malungo, ena amati walodzedwa, chikhalirecho ndi ululu wa fodya. Bungwe la Plan International linalengeza mu 2009 kuti ana ogwira ntchito m'minda ya fodya ku Malawi angathe kulowetsa m'thupi nikotini wokwana mamiligalamu 54 pa tsiku, wofanana ndi kusuta ndudu 50. Ichi ndi chifukwa chokwanira chakuti mwana asapezeke m'munda wa fodya kapena m'chigafa. Kwa akuluakulu, ukhondo wa pamenepa ndi kudikira mame akamuke ngati n'kotheka, kuvala magolovesi ndi chofunda cha pulasitiki, kuvula malaya onyowa mukangomaliza, ndi kusamba thupi lonse ndi sopo musanadye kapena kunyamula mwana.

Chimodzimodzi ndi mankhwala opopera fodya, kachewere ndi tomato. Timaona anthu akusakaniza mankhwala ndi dzanja, akupopera moyang'anana ndi mphepo atavala kabudula yekha, kenaka n'kukhala pansi kudya chimanga chowotcha osasamba. Zovala zopoperazo zimachapidwa pamodzi ndi za ana, ndipo chigubu cha mankhwala chikatha chimasanduka chotungira madzi kapena chosungira mchere. Munthu wotere Lamulungu amavala suti n'kupita kutchalitchi, onse n'kumati ndi bambo waukhondo, pamene poizoni ali m'nyumba mwake.

Apa wina anganene kuti zonsezi ndi udindo wa wantchito mwini. Ayi, mutu umodzi susenza denga. Malamulo aakulu a dziko lino, pa ndime 85, amanena kuti wantchito ali ndi ufulu wotetezedwa ndi wogwira ntchito pa malo osaopsa ndi aukhondo. Lamulo la ntchito, nambala 13/2023, limene linalowa m'malo mwa lija la 2007, limapereka udindo kwa wolemba ntchito kuti asamale za ukhondo ndi chitetezo, ndi kupereka zovala zodzitetezera pamene ntchitoyo ikufuna zimenezo. Choncho bwana amene amakalipira wantchito kuti akununkha thukuta, koma pa malo pake palibe chimbudzi, palibe ndowa ya madzi, palibe sopo, ayambe wadziyang'ana yekha. Ndipo tisanamizane kuti bwana ndi wa kampani yekha. Mlimi amene walemba aganyu atatu nayenso ndi bwana. Mwini baraka ndi bwana. Akuluakulu a msika amene amatolera msonkho tsiku ndi tsiku ali ndi ngongole ya chimbudzi ndi madzi kwa amene amalipira msonkhowo.

Amayi ndiwo amavutika koposa pamene zinthuzi palibe. Mphunzitsi wamkazi, namwino, wogulitsa pa msika kapena wosankha fodya akakhala kumwezi amafuna chimbudzi chokhala ndi chitseko ndi madzi pafupi. Zikasowa, amajomba ku ntchito kapena amapirira tsiku lonse mwamanyazi, kenaka anthu omwewo amene sanamange chimbudzi n'kumamunena kuti ndi waulesi kapena wauve. Atsikana a sukulu nawo amataya masiku a maphunziro mwezi ndi mwezi pa chifukwa chomwechi. Nkhani imeneyi abambo timaithawa, koma ndife amene timakhala m'makomiti a sukulu ndi a misika momwe ndalama zimagawidwa.

Sindikunena kuti munthu azipita ku ntchito ali mbuu ngati wochokera kowotcha makala. Kudzisamalira ndi ulemu kwa anzako ndi kwa iwe mwini. Mphunzitsi ndi galasi la ana, ndipo yunifolomu ya namwino kapena ya wapolisi imathandiza anthu kudziwa wofunika kumufikira. Koma muyezo wake ukhale umene munthu wosauka angaukwanitse. Malaya a kalamidade ochapa bwino ndi okwanira. Kusamba, kutsuka mkamwa ndi mswachi kapena kamtengo, kupesa tsitsi ndi kudula zikhadabo sizifuna malipiro a mkulu wa boma. N'zoona kuti m'mapiri a Tsangano mu Juni ndi Julayi madzi amaluma ngati singano, ndipo sopo wakwera mtengo. Komabe kufunditsa madzi pa moto umene waphikira phala sikuwononga nkhuni zambiri, ndipo pamene sopo wasoweratu, kupaka phulusa m'manja n'kutsukuluza bwino kuli bwino kuposa madzi okha.

Nanga mnzathu pa ntchito akakhala ndi fungo, tichite naye bwanji? Kumuseka, kumupatsa dzina kapena kutsina mphuno iye akamadutsa ndi nkhanza, ndipo sikuchotsa fungolo. Wakutsina khutu ndi mnansi. Mayi auzidwe ndi mayi mnzake, bambo ndi bambo mnzake, pambali, ndi mawu ofatsa: achimwene, pali kanthu kena ndimati ndikuuzeni ngati m'bale wanu. Mwina mudzapeza kuti kwawo chitsime chili kutali, kapena ali ndi malaya amodzi okha, kapena ndi matenda. Dzino lobooka, chilonda chosapola, ndiponso vuto la kudontha mkodzo limene amayi ena amatsala nalo akavutika nthawi yaitali pobereka, zonsezi zimabweretsa fungo, ndipo zonsezi achipatala amathandiza. Munthu wotere afunika kuperekezedwa ku chipatala, osati kuchotsedwa ntchito.

Zimene tingachite sizifuna kudikira thandizo lochokera ku Maputo. Pa malo alionse a ntchito, kaya ndi sukulu, chigayo, baraka, chigafa kapena ofesi ya posto, pakhale chimbudzi chokhala ndi chivundikiro, ndipo pakhomo pake pakhale mpondagiya, kachigubu kaja kopachika pa mtengo kamene umaponda ndi phazi madzi n'kutuluka, ndi sopo womangirira pa chingwe. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe Certeza monga mwa malangizo olembedwa pa botolo, ndipo asungidwe m'chigubu chotseka. Pano tichenjezane: mawu a Chipwitikizi akuti cloro ndi cólera amamveka ofanana, ndipo m'madera ena a ku Nampula ndi Zambézia anthu anamenya ngakhale kupha ogwira ntchito za umoyo powaganizira kuti akufalitsa kolera, pamene iwo ankathira mankhwala opha kolerayo. Zoterezi zisafike kwathu kuno. Aliyense asambe m'manja akachoka kuchimbudzi, akasintha mwana thewera, asanaphike, asanadye ndiponso asanadyetse mwana. Wophika kapena wogulitsa chakudya amene watsegula m'mimba apume mpaka achire, ndipo bwana asamudule malipiro, chifukwa akamudula, mawa adzabisa matenda n'kupatsira mudzi wonse.

Mafumu, anyakwawa, akuluakulu a mipingo ndi a makomiti a misika, nkhaniyi ili m'manja mwanu. Mvula isanagwe, yendani m'malo a ntchito a m'dera lanu, ndipo musawerenge matayi kapena kuyeza kutalika kwa siketi. Werengani zimbudzi, zigubu za madzi ndi zidutswa za sopo. Inu olemba ntchito, munthu akabwera kudzafunsira ntchito, muyang'aneni luso lake ndi kukhulupirika kwake, kaya ndi wakuda bii, woonda, wachialubino kapena wovala nkhwaira. Ndipo ife tonse ogula, tiyeni tizipereka ndalama zathu kwa wogulitsa amene pambali pake pali madzi ndi sopo, pakuti amalonda akaona kuti ukhondo ukukoka makasitomala, sadzadikira kuuzidwa kawiri. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, abale anga, ndipo dzinja likubwerali lidzatipeza monga tadzikonzera.